Ndemanga zolembedwa pa ntchito ya ophunzira udokotala m'mawodi: mafunso ndi mayankho

Tsambali ndi la ophunzira udokotala ndi ukilinikala amene akuphunzira m'mawodi kuno ku Lilongwe, kaya ndi pa Kamuzu Central Hospital, ku Bwaila kapena m'zipatala zina zozungulira. Ndi lanunso madokotala, ma registrar (madokotala amene akuphunzira ukatswiri), ma intern (amene angomaliza sukulu ndipo akugwira ntchito moyang'aniridwa), anamwino ndi azamba amene mumapatsidwa fomu kuti mulembepo za wophunzira. Mafomu enieniwo amalembedwa m'Chingerezi, koma zitsanzo zonse pano taziika m'Chichewa.

Kodi ndemanga ikusiyana bwanji ndi malikisi?

Malikisi amanena kuti wophunzira wapeza 58 kapena 71. Sanena chimene anachita kuti apeze zimenezo, ndipo samuuza choti asinthe Lolemba likubwerali. Imeneyo ndi ntchito ya ndemanga.

Ndemanga zilipo za mitundu iwiri. Ina imalembedwa rotation (masabata amene wophunzira amakhala mu dipatimenti imodzi) ili mkati, kuti wophunzira akonze msanga pamene pakupelewera. Ina imalembedwa kumapeto, ndipo imathandiza sukulu kugamula ngati wakhoza kapena abwereze. Jack Ende, polemba mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 1983, anasiyanitsa ziwirizi momveka: kuuza munthu zimene mwaona ndi chinthu china, kumuweruza ndi chinanso. Vuto limene timaliona kawirikawiri ndi loti mtundu woyambawo umadumphidwa, wophunzira n'kudzamva koyamba za kulephera kwake pa tsiku lomaliza, pomwe palibenso chimene angachite.

Ndemanga yothandiza imakhala ndi chiyani mkati mwake?

Zinthu zinayi: nthawi ndi malo amene munamuona, chimene anachita kapena sanachite, chifukwa chake chinthucho ndi chofunika kwa wodwala, ndi choti achite tsopano pamodzi ndi tsiku limene mudzaonenso.

Taonani ziwirizi. Yoyamba: "Ndi wakhama. Awerenge kwambiri." Ndemanga imeneyi mukhoza kuilemba pa fomu ya wophunzira aliyense m'dziko muno ndipo singakhale yabodza, n'chifukwa chake ilibe ntchito. Awerenge chiyani? Mabuku a matenda a ana ndi aakulu, ndipo wophunzira wouzidwa chonchi amangoyambira pa tsamba loyamba kapena kungosiya.

Yachiwiri: "Lachiwiri pa raundi (poyendera odwala m'wodi), pa mwana wa zaka 3 amene anabwera atakomoka ndi malungo, munawerengera bwino Blantyre Coma Score (muyeso wa kukomoka kwa mwana) n'kupeza 2. Artesunate (mankhwala a malungo aakulu) munawerengeranso bwino pa 3 mg pa kilogalamu, popeza mwanayo sanafike makilogalamu 20. Koma simunayeze shuga m'magazi mpaka namwino atakukumbutsani. Mwana wa malungo aakulu shuga amatsika, ndipo kukomoka kwake sikusiyana ndi kwa malungo a muubongo. Sabata ino, mwana aliyense wokomoka muyezeni shuga musanayambe kufunsa mayi ake mbiri ya matenda. Lachisanu mudzandionetse mmene munawerengera dextrose 10% (madzi a shuga opereka mumtsempha) kwa ana awiri amene mwawaona."

Kulemba ndemanga yachiwiriyi sikupitirira mphindi 3 kwa munthu amene anaonadi zimene zinachitika. Onani kuti zimene wophunzira anachita bwino zatchulidwa mwatchutchutchu ngati mmene zatchulidwira zimene analakwitsa. Kuyamikira nakonso kumafuna umboni. Wophunzira akangouzidwa kuti "mwachita bwino" sadziwa chimene ayenera kupitiriza.

Mfundo zoti akonze zisapitirire ziwiri pa ndemanga imodzi. Mukalemba zisanu ndi ziwiri, sagwirapo ngakhale imodzi. Sankhani imene ingapweteke wodwala msanga.

Nanga kulemba kuti ndi waulemu, wofatsa kapena wanzeru n'kulakwa?

Si kulakwa, koma mawu otere amafotokoza munthu, osati ntchito yake. Mu 1996, Kluger ndi DeNisi anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri pa nkhani yopereka ndemanga, ndipo anapeza kuti pa magawo atatu, loposa limodzi ndemangazo zinachititsa kuti anthu agwire ntchito moipirapo kusiyana ndi kale. Zimene zinkabwezera anthu m'mbuyo makamaka ndi zija zokokera maganizo a munthu pa iye mwini m'malo mwa ntchito imene ali nayo. Wophunzira wolembedwa kuti "ndi waulesi" amayamba kudziteteza. Wolembedwa kuti "odwala atatu mwa asanu amene anapatsidwa analibe manotsi a tsiku limenelo pofika 2 koloko masana" amadziwa poyambira.

Palinso kukondera kumene kumalowa mosadziwa. N'kosavuta kulemba wophunzira wamkazi kuti "wofatsa, womvera" ndi wamwamuna kuti "woganiza mwachangu", chonsecho ntchito anagwira yofanana. Wophunzira wolankhula Chingerezi chosalala pa raundi amaoneka wodziwa kuposa mnzake wachibwibwi amene anayeza wodwala mosamala kwambiri. Musanasayine, werenganinso ndemangayo mukuganiza kuti ndi ya wophunzira wina wosiyana naye. Ngati mawuwo akanasintha, bwererani ku zimene munaona ndi maso.

Ndi zida ziti zimene zimagwiritsidwa ntchito, ndipo zimalakwika pati?

Mini-CEX ndi fomu imene mphunzitsi amadzaza ataonerera wophunzira ali ndi wodwala weniweni kwa mphindi 15 kapena 20, kenako n'kukambirana naye mphindi 5 mpaka 10. Inayambira ku America m'zaka za m'ma 1990. DOPS ndi yofanana nayo, koma ndi ya ntchito za manja: kuika kanula, kutenga madzi a pamsana, kusoka bala, kuika katheta. Logbook ndi kaundula wa zimene wophunzira waona, wathandizira ndi kuchita yekha. OSCE, imene Ronald Harden ndi anzake anaifotokoza mu 1975 ku Dundee, ndi mayeso ozungulira masiteshoni, ndipo ndemanga zake zimakhala zazifupi popeza nthawi ya siteshoni iliyonse ndi yochepa.

George Miller mu 1990 anasanja luso la dokotala m'masitepe anayi: kudziwa, kudziwa kachitidwe kake, kuonetsa pa mayeso, ndi kuchita pa ntchito yeniyeni. Mayeso olemba ndi OSCE amafika pa masitepe atatu oyambawo. Lachinayilo limaoneka m'wodi mokha, ndipo umboni wake ndi ndemanga yanu.

Zimalakwika motere. Mabokosi onse amachongedwa pakatikati, malo olembapo mawu n'kusiyidwa opanda kanthu. Logbook imasayinidwa yonse tsiku limodzi kumapeto, ndi munthu amene sanaone ngakhale kanula imodzi ikuikidwa. Mini-CEX imadzazidwa wophunzira atangofotokoza za wodwala pakhonde, osati ataonereredwa akumuyeza. Chomalizachi n'chobisika koma n'choopsa: munthu akhoza kufotokoza bwino kwambiri kuti kapamba watupa, chikhalirecho sadziwa poika dzanja.

Wodi yadzaza, odwala ena ali pansi, ophunzira ndi ambiri. Nthawi yolemba ichokera kuti?

Funso ili ndi loona ndipo sitikulipeputsa. Koma kuonerera sikufuna ola lathunthu. Onererani kachigawo kamodzi: mphindi 5 akufunsa mbiri ya chifuwa, kapena akuyeza mimba yokha, kapena akufotokozera gadiyani kamwedwe ka mankhwala. Wodwalayo mumayenera kumuona ndithu. Kusiyana kwake n'koti mwaima pambali kaye, wophunzira ndiye wayamba.

Ngati muli ndi ophunzira 10, sankhani awiri patsiku. Pofika Lachisanu aliyense waonereredwa kamodzi, ndipo pa rotation ya masabata 6 mumakhala ndi zinthu 6 zenizeni za aliyense. Yendani ndi kakope m'thumba la gauni. Pochoka pa bedi lembani dzina la wophunzira, tsiku ndi mizere iwiri. Mukadikira mpaka kumapeto kwa mwezi, mudzangokumbukira wolankhulalankhula ndi amene anakukwiyitsani. Ena onse adzakhala "akhama".

Ikani tsiku limodzi pakati pa rotation loti mukhale pansi ndi aliyense mphindi 10 ndi kumulembera. Kuwongola mtengo n'poyamba. Ndipo musakopere ndemanga imodzi pa mafomu onse. Ophunzira amaonetsana mafomu, ndipo akaona mawu omwewo kasanu amasiya kuwerenga.

Kodi namwino kapena mzamba angalembe ndemanga ya wophunzira udokotala?

Inde, pa zimene waona, ngati dipatimenti yapereka mpata wotero, ndipo tikulimbikitsa kuti izipereka. Consultant (dokotala wamkulu, katswiri) amaona wophunzira pa raundi, atakonzeka. Mzamba wa ku leba wodi amamuona 3 koloko usiku. Ndi mzamba amene akudziwa ngati wophunzira amamvetseradi mtima wa mwana wosabadwa mphindi 30 zilizonse n'kulemba pa partograph (tchati cholembapo mmene leba ikuyendera) nthawi yomweyo, kapena amadzaza mizere yonse pamodzi mayi atachira kale. Ndi iyenso amene amaona ngati, asanapereke magnesium sulphate wina (mankhwala oteteza kukomoka) kwa mayi wa BP yokwera, wophunzira amawerenga kapumidwe, kugogoda bondo ndi kuona kuti mkodzo ukufika 30 ml pa ola. Ndemanga yochokera kwa anthu atatu kapena anayi osiyana ntchito imakhala yodalirika kuposa ya munthu mmodzi, ngakhale akhale wamkulu chotani.

Lamulo ndi limodzi kwa onse: zimene mwangomva kwa ena musazilembe ngati kuti munaziona. Lembani kuti "sisitala wa usiku ananena kuti", kapena mupempheni alembe yekha.

Ndidziwa bwanji ngati wophunzira ali pa mlingo woyenera chaka chake?

Njira imodzi yothandiza ndi ya RIME, imene Louis Pangaro anaifotokoza mu 1999. Imaona wophunzira m'masitepe anayi. Poyamba amatha kutolera mbiri ndi zoyeza molondola n'kuzifotokoza mwadongosolo. Kenako amatha kumasulira zimene wapeza, n'kutchula matenda awiri kapena atatu amene angakhale, ndi chifukwa chake. Kenako amatha kunena choti chichitike kwa wodwalayo. Pomaliza amafufuza yekha mayankho ndi kuphunzitsa ena.

Amene wangoyamba kumene mawodi akhale wodalirika pa sitepe yoyamba. Wa chaka chomaliza amene amangowerenga zotsatira n'kuima, kudikira kuti wina anene tanthauzo lake, watsalira, ngakhale afotokoze mokoma. Lembani zimenezo poyera: "Mumafotokoza odwala mokwanira, koma simunena maganizo anu pa chimene chikuvuta. Kuyambira mawa, malizani kufotokoza kulikonse ndi matenda atatu amene mukuwaganizira, loyamba likhale limene lingaphe msanga."

Wophunzira sakukwanitsa, koma ndikuopa kumulembera zoipa. Nditani?

Mantha amenewa ali ndi aphunzitsi ambiri m'maiko onse, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Mukudziwa mmene makolo ake akuvutikira ndi fizi. Madokotala m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana, mwina wophunzirayo ndi mwana wa mnzanu kapena wa kumpingo kwanu. Mwina mulibe cholembedwa chilichonse chotsimikizira nkhawa yanu. Mwinanso mukuganiza kuti a rotation yotsatira adzamugwira. A rotation yotsatirawo akuganizanso chimodzimodzi.

Ganizirani kumene akupita. Akamaliza sukulu adzachita internship, a Medical Council of Malawi n'kumulembetsa, ndipo tsiku lina adzakhala pa kolo yekha usiku pa chipatala cha boma ku Ntchisi, ku Mchinji kapena ku Dowa, mayi akutaya magazi, wamkulu womufunsa palibe. Chimene munachiona n'kusachilemba chidzaonekera kumeneko. Kwa wophunzira mwini, kubwereza masabata ochepa tsopano n'kopepuka kusiyana ndi kudzasenza imfa imene ikanapeweka.

Kachitidwe kake ndi aka. Lankhulani naye kaye pamaso, pa awiri, osati pa raundi pamaso pa odwala ndi magadiyani. Yambani ndi kumufunsa mmene iye akuonera ntchito yake. Ambiri amatchula okha vutolo. Kenako lembani zochitika zenizeni zosachepera zitatu, chilichonse ndi tsiku lake. Lembani mlingo umene akuyenera kufika, thandizo limene apatsidwe ndi amene apereke, ndi tsiku lodzaonanso, mwachitsanzo pakatha masabata awiri. Awerenge, asayine kuti waona, ndipo apatsidwe malo olembapo mbali yake. Dziwitsani woyang'anira rotation sabata yomweyo. Musafewetse mawu mpaka tanthauzo kutayika: "akhoza kuwonjezera pang'ono" sakutanthauza "sakuyenera kusiyidwa yekha ndi wodwala", ndipo komiti yowerenga fomuyo singalote zimene munali nazo mumtima.

Za kuchedwa, kujomba ndi mafoni zilembedwe bwanji?

Monga zina zonse: tsiku, chochitika, zotsatira zake. "Anafika handover (kupatsirana odwala posinthana ntchito) itatha, masiku 4 mwa 10, ndipo odwala ake anafotokozedwa ndi anzake" ndi chinthu choti munthu angayankhepo. "Alibe chidwi" ndi kulota za mumtima mwa wina.

Funsani chifukwa musanalembe. Wina akuchokera kutali ndipo ndalama ya minibasi yamuthera. Wina ali ndi maliro kwawo, wina akudwala, wina ali ndi nkhawa imene yamufooketsa. Chifukwa sichifafaniza zimene zachitika, koma chimasintha thandizo loyenera. Matenda a wophunzira asalembedwe pa fomu ya rotation. Lembani kuti mwamutumiza kwa oyang'anira za umoyo wa ophunzira, basi.

Zina sizidikira pakati pa rotation. Kulemba zoyeza zimene sanayeze, kusayina dzina la wina mu logbook, kujambula wodwala n'kutumiza pa WhatsApp, kunyoza mayi amene ali pa leba: izi zilembedwe ndi kuperekedwa kwa akuluakulu tsiku lomwelo.

Kodi nditchule wodwala mu ndemanga?

Dzina ayi, nambala ya fayilo ayi, mudzi ayi. Zaka, wodi ndi vuto lake n'zokwanira kuti wophunzira akumbukire. Mafomu amadutsa m'manja ambiri, ndipo Lilongwe si wamkulu monga timaganizira.

Nanga kalankhulidwe ndi odwala, timakalemba?

Kwambiri, chifukwa apa ndi pamene mayeso olemba saona kanthu. Ophunzira amaphunzira m'Chingerezi koma odwala ambiri amawafunsa m'Chichewa, ndipo si onse amene anakula akulankhula Chichewa. Onererani ngati wapereka moni ndi kudzitchula kuti ndi wophunzira, ngati wapempha chilolezo asanavule wodwala, ngati watseka katani, ngati agogo akuwalankhula mwaulemu wake. Onani ngati wayang'ana m'kabuku ka kuchipatala. Onani ngati, atafotokoza kamwedwe ka mankhwala, wapempha wodwala kapena gadiyani kuti abwereze m'mawu ake. Kufunsa kuti "mwamva?" sikuthandiza, pakuti munthu waulemu amayankha kuti "eya" ngakhale sanamve. Ndemanga yake ingakhale yotere: "Pofotokozera bambo aja za opaleshoni munagwiritsa ntchito mawu a Chingerezi anayi osawamasulira, ndipo anasayina osafunsa kanthu. Mawa konzekerani kufotokoza opaleshoni yomweyo m'Chichewa chokha, ndidzakhalapo."

Ndine wophunzira. Pa fomu yanga angolemba kuti "zili bwino". Ndingapemphe bwanji zambiri popanda kuoneka wamwano?

Pemphani chinthu chaching'ono, ndipo pemphani nthawi isanakwane. Kufunsa kuti "ndikuchita bwanji?" kumabweretsa yankho lomwelo la "zili bwino". Yesani chonchi: "Adokotala, ngati n'kotheka mawa pa raundi mundionerereko ndikuyeza chifuwa cha wodwala mmodzi, mphindi 5 zokha, mundiuze chimodzi choti ndikonze." Ndi aphunzitsi ochepa amene angakane pempho lotere. Fomu ndi cholembera zikhale m'manja. Akakuuzani pakamwa ali pa changu, lembani nokha zimene anena, muwaonetse, asayine.

Pakatha sabata bwererani kwa yemweyo, mumuuze zimene mwasintha ndi kumupempha aonenso. Apa ndi pamene ndemanga imasanduka luso. Ma registrar ndi ma intern musawadumphe: amakuonani nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ndipo akukumbukira bwino pamene iwo ankavutikira.

Ndemanga yandipweteka, ndipo ndikuona kuti si yoona. Ndichite chiyani?

Musayankhe tsiku lomwelo. Mawa lake iwerengeninso ndi cholembera, mulekanitse zochitika ndi maganizo a wolemba. Ngati pali chochitika chenicheni, gwirani chimenecho ngakhale mawu ake akhale owawa. Ngati palibe, pitani mukapemphe mwaulemu chitsanzo: tsiku liti, wodwala uti. Nthawi zina zimapezeka kuti anakusokonezani ndi mnzanu, makamaka gulu likakhala lalikulu.

Mukapanda kumvana, lembani mbali yanu mwachidule, ndi masiku ndi umboni monga manotsi anu kapena logbook, mupereke kwa woyang'anira rotation. Werengani buku la malamulo a ophunzira la sukulu yanu, kaya ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), Malawi College of Health Sciences kapena ina, kuti mudziwe njira yodandaulira ndi masiku amene mwapatsidwa, chifukwa dandaulo lochedwa likhoza kukanidwa ngakhale likhale loona. Ndemanga yonyoza mtundu wanu, chipembedzo kapena thupi lanu, kapena yobwera mutakana zofuna za wina, si nkhani yokambirana ndi wolembayo. Pitani nayo kwa oyang'anira ophunzira mwachindunji.

Mafomu akadzazidwa asungidwe bwanji?

Wophunzira ajambule fomu iliyonse ndi foni tsiku limene yasayinidwa, asanaipereke, pakuti mapepala amasowa. Zithunzizo zikhale mu foda imodzi, ndipo pomaliza rotation iliyonse aziwerenge zonse pamodzi. Mfundo imene yatuluka ku wodi ya ana, n'kutulukanso ku opaleshoni ndi kwa amayi, kuchokera kwa anthu osadziwana, ndiyo yoyamba kuigwirira ntchito.

Ku mbali ya dipatimenti, mafomu akhale ndi munthu mmodzi wodziwika wowalandira ndi malo otsekedwa. Aphunzitsi amasiyana maganizo pa nkhani yodziwitsa rotation yotsatira za wophunzira amene akuvutika, poopa kuti akamulandira atamuweruza kale. Ife tikuona kuti chimene chiyenera kupita patsogolo ndi ndondomeko ya zoti akonze, yolembedwa, imene wophunzirayo waiona ndipo akapereka yekha kwa mphunzitsi watsopano sabata yoyamba. Mbiri ya pakamwa yonong'onezana m'chipinda cha tiyi isapite.